Botolo la Mkazi Wamng'ono

1985

Anandilanda injini ya chigayo ndi sukulu tsiku limodzi. Bambo anga tinawaika masana ku Chitala, madzulo ake abale awo anabwera ndi ngolo, namasula injini ija pa simenti n'kupita nayo. Masipanala amene anamasulira anali a malemuwo. Ndinali Folomu 2, ndipo fizi yanga inkachokera m'chigayo chimenecho. Anthu omwe ankaimba kumanda aja ndi omwenso anathandiza kukweza pa ngolo. Kuyambira pamenepo maliro ndinadana nawo. Ndikamva kuti kwagwa zovuta ndinkatumiza chipepeso, ine osapondako phazi. Ndayamba ndi zimenezi kuti inu ana anga mudziwe munthu amene ndinali, chifukwa inu mwandidziwa nditafewa kale. Za ubwana wanga ndilibe nazo nthawi.

1986 mpaka 1998

Ntchito yoyamba ndinaipeza pa boma pa Salima, pa galaja ya Che Yusufu kuseri kwa depoti. Galajayo inali mtengo wa mango, unyolo wokwezera injini ndi bokosi la zida. Ndinafika ndi mkwiyo wokhawokha. Bawuti ikakana kumasuka ndinkaimenya ndi hamala mpaka kuthyoka. Che Yusufu sankakalipa. Ankangotola chidutswacho n'kundipatsa m'manja.

"Iwe mwana wa ku Chitala, injini siyankha mwano," ankatero. "Ukaikalipira imakhala chete, koma ikakubwezera pamsewu, pomwe palibe mthunzi."

Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga pulagi. Ankati pulagi ndi lilime la injini, ndipo makaniko aziliyang'ana monga adokotala amayang'anira lilime la wodwala. Ikada ngati mwaye, petulo wachuluka. Ikayera ngati phulusa, injini ili ndi njala ndipo ipsa. Ikafiirira ngati tiyi wamkaka, isiye, usaigwirenso. Lachisanu akamapita ku mzikiti ankandisiyira galaja yonse, ine Mkhristu wosapemphera, ndipo sanawerengepo masipanala awo pobwera. Sindinawathokoze ali moyo monga zinayenera. Miyendo itayamba kuwavuta anatseka galaja, nandikweza minibasi mpaka ku Senga Bay, kukandipereka okha kwa a Makwinja, eni loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Anawauza kuti, "Mnyamata uyu pakamwa ndi poipa, koma manja ndi abwino. Pakamwapo muzingopasiya."

1998 mpaka 2011

Pa loji ntchito yanga inali jenereta, mapampu a madzi, injini za maboti ndi pikapu yokagula zinthu kumsika. Anandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa jenereta. M'menemo ndi momwe ndinakwatiramo amayi anu, ndipo nonse atatu munabadwira momwemo, mukugona ndi phokoso la dizilo. Kwina kopita kunalibe. Ku Chitala munda wa amayi anga unali utagawidwa kale.

A Makwinja anali munthu wamkulu thupi, wa nsapato zoyera, wachuma cha mathiraki ndi malo ogona alendo. Malipiro sankachedwetsa. Koma antchito awo sankawadziwa maina. Wophika aliyense anali "iwe wa kukhitchini", mlonda aliyense anali "bambo wa pageti". Ine dzina langa ankalidziwa chifukwa jenereta ikazima alendo ankadandaula kwa iwo.

Mu 2011 anagula galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yochokera ku Japan kudzera ku Joni. Inali ya mpikisano. Anzawo a ndalama ankakumana pa bwalo lakale la ndege pa esiteti ina cha ku Lilongwe, n'kumathamangitsana awiriawiri pa mtunda waufupi woongoka. Amayi a kukhitchini anaitcha Mkazi Wamng'ono, chifukwa bwana akafika ankayamba kulonjera iyo asanalowe m'nyumba. Inabwera ndi katoni ya zida za nayitirasi zosamanga. Nayitirasi ndi mpweya wa m'botolo la buluu lomangirira m'buti. Ukalowa mu injini umanyamula mpweya wochuluka woyatsira moto, ndiye ukauwonjezera petulo wake galimoto imadumpha ngati yalumidwa ndi mavu. Ukauchepetsera petulo, pisitoni imasungunuka. Makaniko wa ku Lilongwe amene anayamba kumanga anabowola pisitoni ulendo woyamba womwe, ndipo bwana anabwera nayo pa thiraki n'kuitsitsa pakhomo la galaja yanga.

"Mbewe, maboti umawatha. Ichi uchitha?"

"Sindinachionepo."

"Ndiye wachiona. Yamba."

Ndinamanga injini kachiwiri, kenako ndinayala zida zonse pa mphasa n'kumazitsata chimodzichimodzi, buku lake la Chingerezi ndikuliwerenga ndi Folomu 2 yangayo. Paipi yochokera ku botolo ndinaidutsitsa pansi, kutali ndi ekizozi. Pa injini ndinaika tizitseko tiwiri ta magetsi, kena ka mpweya, kena ka petulo. Pansi pa chopondera moto ndinaika swichi yoti zitsekozo zizitseguka pokhapokha phazi likafika pansi penipeni, ndipo pafupi ndi giya swichi ina yaikulu, yoyatsa ndi kuzimitsa zonse. Chinsinsi chinali m'majeti, tizitsulo tamkuwa tokhala ndi kabowo kochepa ngati diso la singano. Jeti ya mpweya ikakula, ya petulo nayo ikule. Taimingi ndinaibweza m'mbuyo pang'ono kuti moto wa pulagi uzichedwerako, ndipo ndinayambira pa jeti yaing'ono kwambiri. Bwana anadandaula kuti sanagule galimoto yokatengera ana ku sukulu. Ndinawayankha kuti mapisitoni sakugulitsidwa pa msika wa Salima.

Chaka chimenecho petulo anasowa. Amene ankapezeka anali wa m'zigubu kwa mavenda, wambiri wosakaniza ndi parafini, ndipo ameneyo pa nayitirasi ndi chiphe. Ndinkayenda ndi pepala loyera m'thumba. Ndikadontheza, petulo weniweni ankauma osasiya chizindikiro, wa parafini ankasiya banga la mafuta. Mavenda a pa boma ankati ndikafika, "Abwera a pepala, bisani chigubu chachikasu." Vuto lina linali dzuwa. Botolo lija likatentha, muvi wa geji unkakwera kudutsa pobiriwira, mpweya n'kumatuluka wochuluka kuposa petulo. Buku linkanena za bulangete la magetsi lofunditsira botolo kuti lisazizire. Amene analemba bukulo sanafike ku Salima mwezi wa Okutobala. Ine ndinkalikulunga ndi chiguduli chonyowa, ngati mtsuko wa madzi akumwa. Ndipo m'Malawi muno munalibe podzazitsa. Botolo linkapita ku Joni ndi dalaivala wa thiraki ya bwana, n'kubwerako patatha mwezi kapena iwiri.

Okutobala 2011

Pa jeti yaing'ono bwana anagonja kawiri kwa mnzawo wina wa malonda a matayala, amene ankawaimbira foni kuwafunsa ngati akufuna chingwe chokokera. Botolo linabwera lodzaza Lachitatu, mpikisano uli Lamlungu. Bwana anandipeza ndikulimangirira.

"Ika jeti yaikulu."

"Ndiika, koma tikaiyese kaye pamsewu, ndione mapulagi."

"Yesa momwe ungafunire. Koma ndikuuze, Mbewe. Lamlungu ndikachita manyazi chifukwa cha iwe, nyumba ija ndiipatsa munthu wina. Amakaniko alipo ambiri."

Sankaseka. Wamkulu mwa inu anali Sitandade 8 nthawi imeneyo.

Kuyesa kwake kunali kotere. Umafuna msewu woongoka wopanda anthu, umaponda moto mpaka pansi mpweya uli woyatsa, kenako n'kuzimitsa injini pomwepo, kuima pambali, kumasula mapulagi akadali otentha n'kuwawerenga. Malo athu anali pa msewu wa ku Khombedza. Tinanyamuka Lachisanu kukungocha, bwana akuyendetsa, ine nditakhala pa kireti chifukwa mpando wachiwiri tinauchotsa kuti galimoto ipepuke. Sailensa nayo tinali titachotsa. Ikalira, agalu a midzi itatu ankayankha. Muvi unali pobiriwira penipeni. Ndinatsokomoletsa paipi ya mpweya kuti idzaze bwino, utsi woyera n'kutuluka pa galasi, ndinayatsa swichi yaikulu, bwana n'kuyamba kuponda. Apo ndi pamene ndinaona masamba aawisi atayalidwa chopingasa msewu kutsogoloko, ndi amayi atakhala pansi m'mbali mwake.

Ndinazimitsa swichi, ndinatambasula dzanja n'kupotokola kiyi. Galimoto inayenda yokha mwakachetechete mpaka inaima pafupi ndi masambawo.

"Wapenga?"

"Maliro, bwana."

"Ndaona. Tikadadutsa asanatembenuke n'komwe."

"Ndi phokoso limeneli?"

Asanayankhe, adzukulu, anyamata okumba manda aja, anali atafika ndi makasu pamapewa. Anali atatimva tili kutali. Pakati pawo panali bambo wina wachikulire, chipewa chili m'manja. Anatilonjera bwinobwino, natiuza kuti amene akulira pano ndi anthu, galimoto idikire nthawi yake. Anati wanjinga amatsika n'kukankha, ndiye sakuona chifukwa choti ife tisatsike. Bwana anatsika. Tinakankha, iwo atagwira chiwongolero pa zenera, nsapato zoyera zikuterereka pa phula, adzukulu awiri akutithandiza kumbuyo. Maganizo athu anali oti tikadutsa masamba a mbali inayo tiyatse tizipita.

Tili pakati, mayi wina anadzuka pa gulu la amayi n'kuloza. Anali wa kukhitchini kwathu ku loji. Mawu anayenda msanga kuposa ife. "Abwana a Anachisale abwera. Abwana a ku loji abwera okha." Anachisale anali mayi wochapa zofunda za alendo, ndipo womwalirayo anali mwamuna wawo. Uthenga unafika ku ofesi dzulo lake, manijala n'kuloleza amayi awiri okha, bwana osauzidwa, ine ndili pansi pa galimoto. Bambo wachikulire uja anasintha nkhope. Anagwira dzanja la bwana ndi manja awiri.

"Pepani, sitinakudziweni. Kulawira chonchi, mpaka kuzimitsa galimoto kutali kuti musasokoneze. Mabwana a masiku ano amangotumiza envelopu."

Bwana anandiyang'ana. Ndinawanong'oneza kuti, "Anachisale. Ochapa. Amuna awo." Anagwedeza mutu, ndipo ndinamva akubwereza dzinalo chapansipansi kuti asaliiwale.

Anawapatsa mpando pakati pa akuluakulu. Panalibe njira yonenera kuti sitinadzere zimenezi. Mithunzi yonse ya mango inali ndi anthu, choncho galimoto inatsala padzuwa m'mbali mwa phula, buti titatseka chifukwa munali zida. Ine ndinakhala pansi ndi amuna anzanga, koyamba chimwalirire bambo anga. Ndinkayang'ana anthu ndi diso loipa, kufuna kuona amene akuwerenga mbuzi za malemu. Sindinamuone. Ndinaona mnyamata akusoka chiguduli cha mthunzi, ndi mlamu wa malemu akupala matabwa a bokosi, misozi ikugwera pa matabwapo, osasiya kupala. Dzuwa litakwera ndinapempha ndowa kwa amayi a pa mjigo, ndinakanyowetsa chiguduli cha botolo. Muvi unali utayamba kale kuchoka pobiriwira. Botolo lodzaza silifuna kutentha. Pakhosi pake pali kachitsulo kopyapyala kopangidwira kuphulika mphamvu ikapyola, kuti botolo lenilenilo lisang'ambike. Kakaphulika, mpweya wonse umatha, palibe choutseka.

Mwambo unatalika monga mwa masiku onse. Anayankhula a banja, a mpingo, kenako anapempha bwana. Anaimirira n'kunena kuti Anachisale ndi munthu wokhulupirika pa ntchito, ndipo dzinalo analitchula bwino. Atakhala pansi anandikodola. Dzuwa linali paliwombo.

"Pita ukanyowetse chija," ananong'ona.

Ndinali nditadzuka kale pamene woyendetsa mwambo anakweza mawu. Anati popeza a kuntchito kwa amayiwa alemekeza maliro chotere, banja lapempha kuti iwo ndiwo ayambe kugwira bokosi potuluka. Amuna a kuntchito tinalipo awiri, ndipo bwana anali ndi vuto la msana lodziwika. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Kumanzere kunali galimoto, mtunda woti munthu n'kufika akuyenda pang'onopang'ono. Kumanja kunali khomo la nyumba, bokosi lili pa mphasa. Manda anali kutsidya kwa dambo. Ndinadziwa kuti chiguduli chauma kalekale. Ndinadziwanso kuti ndikapita ku galimoto, Anachisale aona munthu wa kuntchito kwawo akufulatira bokosi la mwamuna wawo kukasamalira chitsulo. Nyumba ya zipinda ziwiri ija ndinaiona m'maso mwanga, ndi inu muli m'katimo. Musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Ndinapita kumanja.

Bokosi limalemera kuposa momwe limaonekera. Ndinagwira kutsogolo, tinatuluka, amayi a mpingo akuimba. Pa njira amuna amalandizana, wina akatopa wina amalowa, ndipo phewa langa litapepuka ndikadatha kubwerera. Koma munthu sabwerera panjira ya kumanda. Bwana nawo anali m'mbuyomo, thukuta lili kamukamu, nsapato zitasanduka zofiira. Abusa ali pakati pa pemphero lotsiriza, tinamva kuphulika ngati mfuti kuchokera kumsewu, kenako mluzu wautali wosalekeza. Abusa anaima pang'ono. Wina kumbuyo anati, "Tayala la thiraki limenelo." Abusa anapitiriza. Ndinakweza maso, ndinapeza bwana akundiyang'ana kutsidya kwa dzenje. Mluzu uja unapitirira mpaka ameni.

Titabwerera tinapeza m'buti muli mbuu ngati mufiriji, muvi utagona pansi. Bwana anayang'ana nthawi yaitali. Anatsanzika bwinobwino kwa akuluakulu, tinakankhanso galimoto kudutsa masamba, n'kubwerera ku Senga Bay.

Madzulo ndinawafotokozera amayi anu. Anafunsa kuti, "Ndiye ndimange katundu?"

"Manga mbale zokha. Zofunda tigonera kaye."

Lamlungu bwana sanapite ku mpikisano. Foni yawo inkalira kosalekeza, ndipo alonda ankamva iwo akutukwana pa khonde. Masabata awiri sanandiyankhule. Zonse zinkadzera kwa manijala, ndipo ine ndikamva nsapato kubwera ku galaja ndinkaika sipanala pansi kudikira mawu. Mbale zinakhala m'katoni, tikudyera m'mbale ziwiri.

Kenako Loweruka lina anabwera anthu atatu pa njinga, bambo wachikulire uja ndi alongo awo a Anachisale, atanyamula nkhuku ndi kathumba ka mpunga. Anakana kusiya pageti. Anati akufuna abwana enieniwo. Anagwada pa kapinga, alendo achizungu akuonerera, n'kunena kuti mudzi wonse ukukambabe za bwana amene anayenda wapansi mpaka kumanda. Antchito onse anasiya zimene ankachita n'kuima chapatali. Atachoka, bwana anabwera ku galaja nkhuku ili kukhwapa.

"A Mbewe, botolo langa lasanduka nkhuku."

"Ndaona, bwana."

"Mu Salima muno mulibe nkhuku yodula ngati iyi." Anandipatsira. "Kapatseni akunyumba aphike. Ndipo kuyambira lero, wina akafedwa pano muzibwera kudzandiuza inuyo, osati manijala. Muzindiuza ndi dzina lake lomwe. Pikapu muziyendetsa ndinu."

"Ine za maliro sindizitha."

"Mwazitha kale. Zandidyera botolo."

Za nyumba sanatchule, ine sindinafunse. Usiku umenewo amayi anu anatulutsa mbale m'katoni.

2012

Pikapu ija ndinaiyendetsa pa maliro a antchito mpaka ndinapuma ntchito mu 2023, makutu atayamba kugontha ndi jenereta. Ndanyamula mabokosi, matabwa, nkhuni, makwaya, ndi masanda okulungira maliro a anzathu achisilamu. Midzi ya Khombedza ndi Chitala ndinaidziwira pamenepo, ndipo kulikonse kumene ndingafike lero ndimapatsidwa pokhala. A Makwinja anapita nane maulendo ambiri, atagula nsapato zakuda. Sindinganame kuti anasanduka mngelo. Kukalipa sanasiye. Koma anakuphunzitsani sukulu awiri mwa inu pamene ine zinandikanika, ndipo ndikuwathokoza pano polemba, popeza pamaso tikanangoyamba kukangana.

Botolo linabweranso lodzaza mu Januwale, mvula ili mkati. Tinasankha m'mawa wouma, tinayamba tatuma wanjinga kukaona ngati msewu ulibe masamba. Ndinayatsa swichi, bwana anaponda. Kireti ija inandithawa pansi, ndinapezeka ndagona chagada, miyendo m'mwamba, ndikuona mitambo pa galasi lakumbuyo. Anazimitsa injini, tinaima pambali. Ndinamasula pulagi yoyamba ikundiwotcha zala, kenako zinazo. Zonse zinali zofiirira ngati tiyi wamkaka. Jeti yaikulu ija inali bwinobwino kuyambira pachiyambi. Bwana anatenga pulagi imodzi, anaitembenuza padzuwa ngati akudziwa kuiwerenga.

"Ndiye kuti tikadawina, a Mbewe."

"Tikadawina, bwana. Ndi mtunda."

Anayang'ana kumene kunali masamba kuja.

"Bwezerani mapulagiwo tizipita," anatero. "Ndipo mukafika mumangenso sailensa. Msewu uno uli ndi anthu."